Bambo Amene Anandionera Njinga ku Balaka

Sendezani lichero la nandololo kuno, ana inu, tizisenda tikucheza. Iwe Filipo, foniyo iike kaye m'thumba, siithawa. Amayi ako andiuza kuti Lolemba ukupita ku Zomba kukaphunzira ukalipentala, ndipo njinga ukupita nayo. Akuti wagula ndi loko yemwe, koma ukuchita naye manyazi, ati anzako akakuseka kuti ndiwe wakumudzi. Khala apa pafupi. Nawenso Tereza usamuseke mlongo wako, tsiku lako likubwera.

Ine njinga ndinaidziwa mochedwa. Kwathu ku Chikweo tinkayenda pansi basi. Kukagula nsomba ku Chiuta, pansi. Kutchalitchi, pansi, amene anali ndi nsapato atazinyamula m'manja, n'kukazivala pakhomo penipeni. Amayi anga, amene makolo awo anachokera kutsidya ku Mozambiki, ankatimangira makaka, chinangwa chouma chija, ndi nyemba za kalongonda m'kansalu, ndiye kamba wa ulendo wonse ameneyo. Kalongonda inu simumudziwa. Ankamuphika tsiku lathunthu, madzi n'kumataya, n'kuthira ena, chifukwa ukamufulumirira amakuzunguza mutu. Inu a masiku ano mumafuna chakudya chipse musanamalize kusamba m'manja.

Njinga yoyamba kuiona inali ya ansembe amene ankabwera kudzachita Misa kamodzikamodzi. Anzanga ankathamangira njingayo, koma ine ndinkakonda kamzere kamene matayala ankasiya pamchenga. Ndinkakatsata ndekha mpaka kutali, ndikuganiza kuti kumene kathera n'kumene kuli dziko lina, la nyumba za malata zokhazokha. Amayi ankandipeza nditaima m'njira, mbuzi zili m'chinangwa cha eni. Ndinali mwana wolota masana, ndipo matenda amenewo sanandichoke mpaka lero.

Nditakula ndinakwatira agogo anu kuno ku Utale, n'kukhala mkamwini. Inu mumaona ngati pakhomo pano mpanga chifukwa cha imvizi. Iyayi. Ndinabwera ndi bulangete, khasu ndi mphasa. Munda ngwa agogo anu, mtengo wa mangowu ngwa agogo anu, ndipo inuyo ndinu a kwa agogo anu. Mkamwini nthawi imeneyo ankaponda mosamala. Chaka chomwe ndinabweracho, mwamuna wa mkulu wawo wa agogo anu anataya mbuzi za pakhomo chifukwa chosasamala. Palibe amene anamukalipira. Anangopeza katundu wake atamangidwa mtolo pakhomo la nyumba, iye n'kumva yekha, n'kuona msewu.

Mwini mbumba anali a Bonifasi, amalume awo a agogo anu. Sanali munthu wankhanza. Ankakonda nthabwala, ankaimba kwaya ndi mawu aakulu osagwirizana ndi anzawo. Koma panali chinthu chimodzi chimene sankaseka nacho, njinga imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Inali yakuda, yolemera, belu lake linkamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Rivirivi. Mvula ikayamba ankaipachika kudenga ndi zingwe kuti matayala asaone matope. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde n'kumapukuta masipoko ndi kansanza. Ana awo enieni sankaikhudza. Ine anandiphunzitsa kupalasa kokha chifukwa mawondo awo anayamba kuvuta, ndipo ndinaphunzira ndili kale ndi ndevu, ndikugwera m'mizere, azimayi akupukusa mitu pachitsime.

Chaka china titatha kukolola thonje, agogo anu anali oyembekezera, mimba ya amayi anuwa. Azamba anatchula zofunika: nsalu ziwiri, beseni, lezala ndi ulusi. Zonsezo kunali kukazipeza ku Balaka. M'mamawa a Bonifasi anatulutsa njinga, naigwira pachishalo nthawi yaitali asanaisiye.

"Dzuwa lisanalowe ikhale pakhonde pano, akamwini," anatero. "Ikasowa, inunso musowere komweko."

Ananena akumwetulira. Koma ine ndinakumbukira mtolo wa mnzanga uja, ndipo ndinadziwa kuti ndakwera njinga pamodzi ndi ukwati wanga.

Njira ya ku Balaka m'mawa wa nyengo yachisanu sindidziwa ndikufotokozereni bwanji. Minda inali itakololedwa, mapesi ali mbuu, utsi wa osaka mbewa utagona m'zigwa. Milambe inkatulukira m'nkhungu umodziumodzi, n'kubwerera m'mbuyo mwakachetechete. Pamtsetse ndinasiya kupalasa, mphepo ikulowa m'malaya, ndipo mantha onse anatsalira m'mbuyo. Ndinkadziona ngati mwini njinga, mwini msewu, mwini milambe yomwe. Amayi ena osenza nkhuni anapatuka nandipatsa moni ngati ndine mphunzitsi, ine n'kuwayankha ndi belu.

Mumaseka ndikamati Balaka ndi mzinda, popeza inu Blantyre mumamuona pafoni. Kwa ine tsiku limenelo unali mzinda woposa umene ndinkaulota. Malole, masitolo a makonde aatali, anthu ongodutsana osapatsana moni. Kumsika kunali kothinana moti njinga sukanalowa nayo. Ndinayenera kuisiya penapake.

Tsopano mvetsani mmene tinkasungira zinthu kumudzi. Loko tinalibe. Ukafika kuchigayo kapena pamaliro, unkayang'ana munthu amene wakhala pansi, n'kumupatsa moni, n'kunena kuti ndionereniko. Iye akayankha kuti siyani, basi, chinthucho chalowa m'manja mwake. Sangachoke iwe usanabwere. Sangachisiyirenso munthu wina, chifukwa iwe unasiyira iyeyo osati winayo. Mwambo wabwino kwambiri. Kungoti kumudzi wokhala pansiyo umamudziwa, ndipo ngati ali ndi ulendo mudzi wonse unamva kale dzulo.

Pakhonde la sitolo ina ya nsalu, kufupi ndi siteshoni, panakhala bambo ena achikulire kuposa ine. Anavala chikhoti chachitali cha khaki, ndodo ili pamiyendo. Ine poona chikhoti ndi ndodo ndinati awa ndi alonda a sitoloyi, ntchito yawo n'kukhala pompano tsiku lonse. Ndinawapatsa moni, ndipo poyankha lilime lawo linali la Chilomwe, ngati la amayi anga. Mtima unakhala pansi. Ndinatsamiritsa njinga pachipilala n'kuwapempha kuti andionereko. Anayang'ana dzuwa kaye, n'kufunsa ngati ndichedwe. Ndinati iyayi, ndikungogula beseni, ndibwera pompano.

"Siyani," anatero.

Ndidumphe pang'ono, Filipo, ndisanaiwale. Zaka zonse zimene ndakhala ndi njinga yangayanga, ndikugulitsa chinangwa ku Balaka ndi ku Liwonde, ndaona zambiri. Loko usamamange kutayala lakutsogolo lokha. Ndinaonapo munthu ataima kukamwa kuli yasa, tayala lake lakutsogolo lili pachipilala, lokiya bwinobwino, njinga yonse itapita. Unyolo uzidutsa mufelemu ndi mutayala lakumbuyo, n'kuzungulira chitsulo chozikika ndi simenti, osati kamtengo koti munthu angozula. Kuseri kwa nyumba usakaike ngakhale kuli mthunzi wabwino, wakuba amakonda mthunzi womwewo. Uziika pamaso pa anthu, pamene pali telala kapena wosoka nsapato, ndipo uziyamba wawapatsa moni. Pampu uzichotsa. Pansi pa felemu, pamene pamazungulira mapedalo, pali nambala, uilembe m'buku lako la nyimbo. Ndiponso zokongoletsa zako zija, timagalasi ndi timaluwa ta pulasitiki, uzichotse. Njinga ya mtauni izioneka yotopa ngati ine.

Tinali pati? Eya, ndasiya njinga. Zogula zija ndinamaliza mwamsanga, dzuwa lisanatenthe n'komwe. Ndikanabwerera pomwepo bwenzi palibe nkhani. Koma m'sitolo ina munkalira wailesi, ndipo ndinaima kuti nyimbo ithe. Itatha inayamba ina. Kenako ndinapeza nyumba yojambulira zithunzi, pakhoma atajambulapo ndege, anthu akuima patsogolo pake ngati angotsika kumene. Ndinaonerera mabanja atatu akujambulitsa. Ndinamwa chakumwa cha m'botolo chozizira koyamba m'moyo wanga, mano onse n'kuchita dzanzi. Ndinaona thonje litaunjikidwa kuposa denga la tchalitchi, ndikumati mwina lina ndi la m'munda mwathu. Dzuwa litakula ndinavundikira beseni kumutu n'kumayendabe, manja ali m'thumba ngati munthu wa konko. Njinga inkabwera m'maganizo, koma ndinkati ili ndi alonda, palibe chovuta.

Kenako sitima inalira. Ine sitima ndinkangoimvera patali, ndiye ndinathamangira kusiteshoni. Anthu ankakankhana ndi matumba, nkhuku, mitolo ya nzimbe, ana akuwalowetsera pawindo. Ndinafunsa kumene ikupita, anati ku Nayuchi, kudzera ku Nkaya ndi ku Liwonde. Nayuchi ndi mbali ya kwathu, ndipo ndinagwidwa ndi chifundo cha kumudzi. Ndinaima pamenepo mpaka inanyamuka. Ndinakweza dzanja n'kumatsazika anthu osawadziwa, ndikumwetulira, mpaka bogi lomaliza linazimirira m'mitengo. Ngakhale pamenepo sindinachoke msanga, ndinakhala ndikuyang'ana njanji zikunyezimira.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi chithunzithunzi changa, chimene chinali chitayamba kutalika. Ndinathamanga, beseni likulira m'khwapa, mawu a a Bonifasi akulira m'mutu.

Njinga inalipo. Mthunzi unali utachoka pakhonde paja kalekale, anthu ena onse atasamukira mbali ina, koma bambo aja anali pomwepo padzuwa, thukuta lili kamukamu. Mwendo umodzi anali ataulowetsa mufelemu, ndodo ataipingasa m'masipoko. Anandiuza kuti panabwera amuna awiri ovala bwino, akunena kuti mwini njinga wawatuma adzaitenge. Iwo anawafunsa kuti mwini wakeyo wavala malaya amtundu wanji, amunawo n'kuyang'anana. Anabweranso kachiwiri, wina akuwacheza kuti ayang'ane kumbali, mnzake akugwira mahandulo. M'pamene analowetsa mwendo muja.

Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja. Iwo anaimirira pang'onopang'ono, chifukwa mwendo unali utachita dzanzi, n'kutola kaphukusi kamene anakhalira. Ine kaphukusiko sindinakaone m'mawa muja.

"Kodi si inu alonda a pano?" ndinafunsa.

"Iyayi. Ndine mlendo ngati inu nomwe. Ndimadikira sitima yapita ija."

Anafotokoza mosakweza mawu. Ankagwira ntchito ku esiteti ya fodya. Kalata inawapeza kuti amayi awo ali gone kumudzi, kupitirira Nayuchi, ndipo akuwaitana. Kalatayo inali itayenda kale sabata m'njira. Anakhala pakhondepo pothawa dzuwa la pasiteshoni, ndipo atamva kuti ndikungogula beseni anaona kuti nthawi ilipo. Sitima italira anaimirira n'kumandiyang'ana m'gulu la anthu. Italira kachiwiri anakhala pansi.

"Bwanji simunangoisiya?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Ndinali nditavomera," anatero.

Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachiteponso. Ine amene ndinkatsazika sitima ija ndi dzanja, mano onse pamtunda. N'chifukwa chake iwe Filipo loko wakoyo usachite naye manyazi. Loko alibe amayi odwala, ndipo sitima siimusiya. Ukamusungitsa njinga n'kukaonerera ndege zojambula, palibe amene wamulakwira. Koma ukasungitsa munthu, uyambe wafunsa kumene akupita.

Dzuwa linali litapendeka. Ndikananyamuka nthawi yomweyo ndikanafika ku Utale lisanalowe, njinga n'kukhala pakhonde monga ananenera a Bonifasi. Ndinayang'ana njira ya kwathu, ndinayang'ana bambowo akumanga kaphukusi kawo kundodo. Wina pasiteshoni anali atanena kuti sitima imeneyi imachedwa pa Nkaya, ndipo nthawi zina imaima nthawi yaitali pa Liwonde. Ndinamangirira beseni kumahandulo ndi malegeni n'kuwauza kuti akwere pakaliyala. Anakana kawiri. Kachitatu anakwera.

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ngati maloto. Msewu wa ku Liwonde unali mbee, dzuwa lili kumsana, zithunzithunzi zathu zitatsogola. Bambowo anali opepuka, akununkha fodya wouma. Ankang'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi m'Chilomwe, komwe amayi anga ankaimba posinja. Pachitunda ankatsika okha n'kumakankha. Penapake masipoko awiri anaduka, ine osaima. Titawoloka Shire ndinali nditasiya kumva miyendo yanga.

Pasiteshoni ya ku Liwonde tinapeza makoko a nzimbe ndi agalu. Mayi wina wogulitsa zigumu anati sitima yachoka posachedwa pompa, ina ibwera pakapita masiku. Bambowo sanandinene kanthu. Tinagawana chigumu chimodzi. Atatha anavula nsapato n'kuzikoleka m'khosi, nati atsata njanji wapansi, akagona kumene mdima ukawapeze.

"Bwererani bwino," anatero. "Mukapereke njinga ya eni."

Ndinawayang'ana akuponda mitanda ya njanji, chikhoti chija chikucheperachepera. Ndinagona kwa akhristu ena kufupi ndi tchalitchi, m'mawa n'kuuyamba wa ku Utale.

Ndinafika masana. Nkhani inali itamveka kale kuti mkamwini wathawa ndi njinga kupita kwawo ku Chikweo. Agogo anu maso anali otupa. Pakhomo la nyumba yathu panali mtolo, bulangete ndi mphasa zitamangidwa pamodzi, khasu lili pamwamba. A Bonifasi anali pakhonde. Sanandiyang'ane ine, anayamba ndi njinga. Analiza belu, anazunguza matayala, anapeza masipoko oduka aja n'kuwagwira ndi chala. Kenako anati ndifotokoze. Ndinanena zonse, ndi za wailesi zomwe, ndi za kutsazika sitima. Sindinabise kanthu chifukwa ndinkaona kuti kwanga kwatha kale.

Ine ndinkadikira za masipoko.

"Dzina lawo ndani bambowo?" anafunsa a Bonifasi.

Ndinati sindinafunse. Munthu wamkulu sitinkamufunsa dzina, ndipo ndi manyazi aja pakamwa sipanatseguke.

"Mudzi wawo?"

Ndinati kupitirira Nayuchi.

"Akamwini," anatero a Bonifasi, "munthu wasiya amayi ake chifukwa cha njinga yanga. Nanga ndikafuna kumutumizira nkhuku, ndinene kuti ndi ya yani?"

Za kuchedwa sanazitchule, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake. Anauza agogo anu kuti alowetse mtolo uja m'nyumba, ndipo agogo anuwo anaumasula okha akulira. Loweruka a Bonifasi anagwira thadzi lalikulu lamawangamawanga, analimanga miyendo, natulutsanso njinga ija ndi manja awo. Ulendo uno sananene za dzuwa. Anangoti ndikawapeze bambo aja.

Ndinapalasa masiku awiri kukafika ku Nayuchi. Ndinafunsa pasiteshoni, pamsika, kumatchalitchi, mpaka ndinawolokera kutsidya ku Mozambiki. Ndinkati ndikufuna bambo ovala chikhoti cha khaki, ogwira ntchito ku esiteti ya fodya, amene amayi awo akudwala. Anthu ankandimvera chisoni. Amuna a zikhoti za khaki kumeneko anali ambiri, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi mayi wodwala kapena manda atsopano. Anandilozera makomo anayi, onse sanali iwo. Ndinabwerera ndi nkhuku yanga.

Thadzi lija palibe amene analipha. Pakhomo tinkangoliti nkhuku ya abambo aja, ndipo ngakhale pa Khirisimasi a Bonifasi ankati gwirani ina, imeneyo ili ndi mwini wake. Linakalamba mpaka kufa lokha pansi pa nkhokwe. Ine ndakhala pakhomo pano zaka zonsezi, ndabereka, ndaona inu. Koma mpaka lero, ana inu, sindidziwa ngati bambo aja anakawapeza amayi awo akupuma.